"Mwanenepatu!" si moni

Anzanga, tisiye kunamizana. Munthu akafika kumudzi ndi chimimba timamuombera m'manja: "Achimwene, mwanenepatu, zikuyenda!" Zikuyenda kupita kuti? Ndikudziwa komwe zinachokera. Zaka zija Edzi inavuta, wowonda aliyense ankalozedwa chala, thupi n'kusanduka chiphaso chakuti uli bwino. Lero mantha omwewo akutikankhira ku matenda a shuga.

Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti akuluakulu pafupifupi 6 mwa 100 alionse m'Malawi muno ali ndi shuga, ambiri osadziwa n'komwe. Koma inu mgaiwa mumati ndi wa akaidi. Mumafuna ufa woyera, tchipisi cha pachiwaya, masipuni anayi mu tiyi. Kuyenda pansi akuti ndi umphawi, ndiye kabaza mpaka pakhomo. Shuga sakuwatu. Amadya maso, impso ndi mapazi mwakachetechete, mpaka kachilonda kakana kupola, adokotala n'kuyamba kukamba zodula mwendo.

Wonenepa musamunyoze ayi. Nanenso lamba ndinaboola kale kawiri. Koma tandiuzani, shuga munayezetsa liti?