Pikapu yodumphadumpha imadya mpamba wa wamalonda

M'mamawa ku Senga Bay, asodzi akangokocheza, ntchito imatsalira eni mapikapu. Madengu a usipa, matumba a mpunga wa ku Lifuwu ndi nsomba zaziwisi zothira ayisi zimakwezedwa mwachangu kuti zikafike ku Kamuzu Road, zina zipitirire mpaka ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 pamsewu wa M14. Wamalonda amanenerera mtengo wa hayala mpaka kukhetsa thukuta, koma ndi ochepa amene amawerama n'kuyang'ana kunsi kwa galimoto imene akufuna kukwezamo mpamba wawo wonse.

Komatu ndalama zambiri zimatayikira kunsi komweko. Pikapu imene mashoko ndi masipuling'i ake adatha imatumphula katundu paliponse pamene tayala laponda dzenje. Usipa wouma umanyenyeka, mitu kwina michira kwina, ndipo pamsika palibe amene amagula zinyenyeswa pamtengo wa usipa wathunthu. Tomato wapansi amaphwanyika, mazira amasweka, mango amafika atafewa mbali imodzi. Pa zigoba 20 zilizonse, chimodzi chokha chikasanduka zinyenyeswa, ndiye kuti K5 pa K100 iliyonse yapita malonda asanayambe n'komwe. Mwini galimoto amalandira ndalama yake yonse. Woluza ndi mwini katundu.

N'chifukwa chake nkhani ya mashoko isamasiyidwe kwa amakaniko okha. Mwini pikapu ayenera kudziwa chokonza ndi choyambira, ndipo wochita hayala ayenera kudziwa choyang'ana.

Mapikapu ambiri a m'mbali mwa nyanja, monga Toyota Hilux, Nissan Hardbody ndi Isuzu KB, adagulidwa atagwirapo kale ntchito zaka zambiri. Kumbuyo kwake kumakhala masipuling'i a zitsulo zosanjikiza, ndipo ntchito yake ndi kusenza katundu. Ntchito ya mashoko ndi ina: kuletsa galimoto kupitiriza kudumpha ikaponda bampu, kuti tayala lisachoke pansi. Zinthu ziwirizi anthu amazisokoneza, ndiye amagula chimene sichidaonongeke n'kusiya chimene chidatha.

Mankhwala amene eni galimoto ambiri amathamangira ndi kuonjezera zitsulo pa masipuling'i kuti kumbuyo kusakhale pansi. Galimoto imaoneka yadzuka, mwini wake n'kumaganiza kuti tsopano ikhoza kusenza matumba 30. Uku n'kudzinamiza. Pikapu yamtunduwu idapangidwa kuti izinyamula pafupifupi tani imodzi, amene ndi matumba 20 a makilogalamu 50, ndipo dalaivala ndi okwera amawerengedwa momwemo. Zitsulo zoonjezerazo sizikulitsa mabuleki, sizilimbitsa matayala kapena mabering'i. Zimangobisa kulemera kwa katundu, ndipo galimoto ikakhala yopanda kanthu imagunda ngati ngolo. Pochokera ku Lilongwe ndi shuga, sopo ndi simenti, msewu umatsika mapiri okhotakhota kulowera kuchigwa cha nyanja. Pamalo otere, galimoto yolemedwa imene matayala ake akungodumpha imatenga mtunda wautali kuti iime.

Kuwotcherera sipuling'i yothyoka nakonso n'kutaya ndalama. Chitsulo chake chidakonzedwa mwapadera ndi moto kufakitale kuti chizipindika n'kubwerera. Moto wa owotcherera umapha mphamvuyo, ndipo chimadzathyokanso pafupi ndi pomwe adalumikizapo, nthawi zambiri galimoto itasenza katundu pakati pa ulendo. Chitsulo chothyoka n'chofunika kuchotsa n'kuikapo china.

Eni galimoto ali ndi dandaulo lomveka. Masipeyala amachokera kunja, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo yake idakwera kwambiri pamene amalonda amakanabe kuonjezera ya hayala. Palibe angatsutse zimenezi. Koma kusowa ndalama yokonzera zonse nthawi imodzi sikutanthauza kuti munthu asakonze kalikonse. Pang'onopang'ono ndi mtolo, bola ntchito iyambire poyenera.

Poyambira pake sipafuna ndalama yambiri: mpweya wa m'matayala. Madalaivala ena amapopa mopitirira muyeso poganiza kuti tayala lolimba ndilo limasenza bwino, koma limangopatsira galimoto bampu iliyonse. Muyeso woyenera umalembedwa pakachikwangwani ka pakhomo la dalaivala kapena m'buku la galimoto, wina wa galimoto yopanda katundu, wina wa yosenza. Mpweya uyezedwe m'mawa matayala asanatenthe. Pogula tayala, wogula aone ngati lili ndi chizindikiro cha C kapena LT, kusonyeza kuti ndi la galimoto zonyamula katundu. Aonenso manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene lidapangidwa: 2318 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2018. Tayala lakale limatha kuoneka labwino kunja pamene mphira wake udauma.

Chachiwiri ndi mabushi, timphira timene timakhala kumapeto kwa masipuling'i ndi a mashoko. Ndi totsika mtengo poyerekeza ndi zina zonse, koma tikatha zitsulo zimayamba kudyana, ndipo phokoso la "gu! gu!" limamveka pamsewu wafumbi. Mchenga wa kunyanja ndi matope a nthawi ya dzinja zimafulumizitsa kutha kwake, choncho kutsuka kunsi kwa galimoto kumathandiza. Makaniko akafika pamenepo aonenso mabawuti amene amamanga masipuling'i ku ekiselo, komanso bawuti yapakati. Imeneyi ikaduka, ekiselo imasuntha ndipo galimoto imayenda chammbali ngati nkhanu, uku ikudya matayala.

Chachitatu ndi mashoko. Shoko imene ikuchucha mafuta yatha. Zizindikiro zina ndi tayala lodyeka mwa mabangamabanga, galimoto yopitiriza kuyendera m'mwamba ndi m'munsi itadutsa kale bampu, komanso kugwada kutsogolo dalaivala akaponda buleki. Mashoko asinthidwe awiriawiri, akumbuyo onse kapena akutsogolo onse, chifukwa yatsopano ikakhala mbali imodzi galimoto imapendekera pokhota. Wogula m'mashopu a ku Malangalanga ku Lilongwe atenge yakale ngati chitsanzo ndi nambala ya chasisi. Shoko yakaunjika yopakidwa penti n'kuwala siyenera kukhulupiriridwa ndi maso okha: aikoke ndi kuikankha ndi manja, ndipo ngati ikuyenda mosavuta kapena modukizadukiza, aisiye.

Masipuling'i amabwera pambuyo pa zonsezi. Ngati galimoto yopanda katundu yakhala pansi kumbuyo kapena yapendekera mbali imodzi, kapena ngati kamphira koletsa ekiselo kugunda chasisi kaphwanyika, ndiye kuti atopa. Kutsogolo nako, chiwongolero chikamagwedera, makaniko aone ma ball joint ndi ma tie rod, ndipo akasintha, matayala akawongoledwe pamakina. Satifiketi ya COF ya ku Road Traffic imangonena za tsiku limene galimoto idayezedwa. Sidziwa maenje amene yaponda kuchokera tsikulo.

Wamalonda naye ali ndi mbali yake, ndipo siilira tambala. Katundu wolemera, monga mpunga ndi chimanga, akhale pansi komanso kufupi ndi kumutu kwa galimoto. Kumapeto kwenikweni, kuseri kwa matayala akumbuyo, ndiko kumadumpha kwambiri, choncho si malo a mazira, tomato kapena usipa wouma. Zosachedwa kusweka zikhale pamwamba chakutsogolo, zomangidwa bwino, ndipo munthu asakhalire dengu. Asanakweze, wamalonda aizungulire galimoto kamodzi: aone matayala, asuzumire ngati mashoko anyowa mafuta, aone ngati yaima mowongoka. Safunsa adadya phula. Kufunsa dalaivala kuti mashoko adasinthidwa liti si chipongwe.

Chovuta n'chakuti amalonda omwewo ndiwo amakakamiza dalaivala kuonjezera "kathumba kamodzi kokha" kuti mtengo wa hayala ugawike kwa anthu ambiri. Kathumba kameneko ndi kamene kamamaliza sipuling'i, ndipo galimoto ikafera panjira dzuwa la ku Salima lili pamutu, ayisi amasungunuka, chambo n'kuyamba kununkha msika usanafike. Amalonda a ku Senga Bay, Lifuwu ndi Chipoka amene amayendera limodzi angachite bwino kugwirizana ndi mwini pikapu mmodzi wosamala galimoto yake, kumupatsa katundu wa muyeso ndi kumulipira mtengo womuthandiza kugula masipeyala. Eni galimoto akaona kuti yosamalidwa ndiyo ikupeza makasitomala tsiku ndi tsiku, adzayamba okha kupita kugalaja.

Powerengera mtengo wa ulendo, wamalonda asalekere pa ndalama imene wapatsa dalaivala. Aphatikizepo usipa umene wanyenyeka, mazira amene asweka ndi maola amene wataya panjira. Akatero m'pamene adzadziwe kuti pikapu yotchipa inali iti.