“Akukusungani Bwino”: Mawu Okoma Amene Akutidwalitsa

Mayi akabwera kumudzi kuchokera ku Lilongwe kapena ku Johannesburg thupi litasefukira, timamulandira ndi nthungululu: “Koma bambo akukusungani bwino!” Pakapita zaka zingapo, mayi yemweyo akakhala pamzere wa odwala shuga, miyendo itatupa, ife tomwe timanong'onezana kuti linali dyera. Pakamwa pomwe panatuluka chiyamiko ndi pomwe pakutuluka chitonzo, ndipo mawu onse awiri ndi abodza.

Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kupyola muyezo, pamene mu 1992 anali 10 okha. M'matauni chiwerengerocho chinafika pa 36. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. M'nyumba imodzi mutha kupezeka mayi wonenepa ndi mwana wosakula, onse akudya m'mbale imodzi. Kodi limenelo nkulitcha dyera?

Amene amati munthu wonenepa angochepetsa kudya ayambe apita kumsika. Ife a m'mbali mwa nyanja tinakulira chambo, koma lero chambo chachepa ndipo chotsalacho chimakwera galimoto kupita kumahotela ndi kumizinda. Ngakhale usipa pali miyezi imene sugwirika. Chimene mayi wa ndalama zochepa angathe kukhutitsa nacho banja ndi phiri la nsima ya ufa woyera, mandasi, tchipisi cha pachiwaya chokazingidwa m'mafuta adzulo, ndi tiyi wothira shuga mpaka supuni kuimirira. Thupi limadzaza, koma silinadye. Nzimbe zikulimidwa pakhomo pathu, ku Dwangwa ndi ku Salima, ndipo chakumwa chozizira chimafika pagolosale ya kumudzi kumene ngakhale ambulansi imavutika kufika. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole masupuni aang'ono pafupifupi 12 a shuga patsiku, komanso kuti 6 ndiye bwino koposa. Botolo limodzi la chakumwa chotero limatha kukhala ndi 8. Ndani anamuuzapo zimenezi mayi wa ku Makanjira?

Palinso mantha, amene sitikonda kuwatchula. Zaka zimene Edzi inkakolola anthu, kuonda kunasanduka mlandu. Mankhwala otalikitsa moyo anabwera, koma diso la anthu silinasinthe. Mayi akatsika thupi mwadala, pachitsime amamuyang'ana cham'mbali, ndipo kwawo amatuma nkhoswe kukafunsa ngati mkamwini waleka kugula ndiwo. Tsono inu amene mumamulangiza kuti aonde, mudzamuteteza pamene mudzi ukumujeda?

Tinanyozanso tokha zimene zinkatisunga. Mgaiwa tinautcha chakudya cha akaidi ndi ana a sukulu zogonera. Bonongwe, chisoso ndi nkhwani zotendera tinaziyesa ndiwo za osauka, zochititsa manyazi mlendo akabwera. Kuyenda pansi nako kwasanduka chizindikiro cha umphawi: mtunda umene agogo athu ankauyenda atasenza mtolo, ife timaukwerera njinga yamoto. Mwamuna akamathamanga m'mawa timati ndi masewera, koma mkazi wapabanja akatero timafunsa chimene chamusokoneza. Ndipo tinene zoona, ngakhale m'mwezi wa Ramadhani mabanja ena amamasula ndi zokazinga ndi zotsekemera zochuluka kotero kuti mwezi umatha thupi litawonjezekera.

Sindikunena kuti munthu alibe mbali yake. Dzanja lopita kukamwa ndi lake. Koma mbale imene ili patsogolo pake anaikonza ndi ambiri, ndipo mmodzi wa iwo ndinu, bambo, amene mumalowa m'nyumba madzulo ndi buledi woyera ndi mabotolo pofuna kuti anthu aone kuti mumasamala. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi akalowa, ndalama ya ulendo wa mwezi ndi mwezi wopita kuchipatala cha boma idzachokera m'thumba lanu lomwelo, ndipo sitiroko ikagwetsa mayiyo, mwana wamkazi ndiye adzasiye sukulu kuti aziwatembenuza pamphasa.

Sikelo kuno timaidziwa ngati ya ana ndi amayi oyembekezera, moti dzina lake lenilenilo linasanduka la kiliniki ya ana. Akuluakulu nafe tikafika kuchipatala tipemphe kuikwera ndi kuyezedwa magazi, ngakhale tabwerera malungo.