Nyimbo za Bach Sizinapulumuke ndi Pepala Lokha

Anthu ambiri amati Ajeremani anasunga nyimbo zawo chifukwa chozilemba pamapepala. Maganizo anga ndi akuti mfundoyi ndi yoona mbali imodzi chabe. Pepala limasunga nyimbo, koma woipatsa moyo ndi woimba.

Taonani nkhani ya Johann Sebastian Bach. Mkuluyu ankatsogolera kwaya ya anyamata ya tchalitchi cha St. Thomas mumzinda wa Leipzig kuyambira 1723 mpaka pomwe anamwalira mu 1750. Atatsikira kulichete, nyimbo zake zikuluzikulu za m'tchalitchi zinangoti zii, poti anthu ankaziona ngati zachikale. M'chaka cha 1829, Felix Mendelssohn, mnyamata wa zaka 20, anatsogolera oimba ku Berlin poimba nyimbo ya Bach yosimba masautso a Yesu monga analembera Mateyu. Apa m'pamene Ajeremani anadzidzimuka, ndipo mu 1850 anakhazikitsa bungwe losindikiza nyimbo zonse za Bach, ntchito yomwe inatenga zaka 50.

Ena angatsutse kuti popanda mapepalawo Mendelssohn sakanapeza choimba. Zoonadi. Komatu mapepala omwewo anagona zaka zambirimbiri osafika m'makutu mwa anthu wamba, kufikira atapezeka oimba.

Kwaya ya ku Leipzig ija inayamba mu 1212, ndipo anyamata ake akuimbabe nyimbo za Bach mpaka lero. Ife ophunzira zamalembo timathamangira kutama zolembedwa, koma cholowa cha Ajeremani chakhalitsa chifukwa m'badwo uliwonse umaphunzitsa ana ake kuchiimba.