Angosat: Kodi Angola inkafunikadi setilaiti yakeyake?

Pa 26 Disembala 2017, roketi ya Zenit inanyamuka pa Baikonur ku Kazakhstan itasenza Angosat-1, setilaiti yoyamba ya dziko la Angola. Chimwemwe cha ku Luanda sichinapite patali. Patangotha maola ochepa chipangizocho chinasiya kuyankha. Akatswiri anachipezanso kwa kanthawi, kenako chinangoti zii mpaka kalekale. Pofika Epulo 2018 boma linavomera kuti ntchito ya madola oposa 300 miliyoni, imene linapangana ndi Russia mu 2009, yalowa m'madzi.

Russia inalonjeza kupanga ina popanda Angola kupisanso m'thumba, ndipo Angosat-2 inakwera kumwamba pa 12 Okutobala 2022. Iyoyo ikugwira ntchito, koma mkangano sunathe.

Setilaiti yamtunduwu imakhala pamtunda wa makilomita 35,786 pamwamba pa ikweta. Imazungulira limodzi ndi dziko, motero kwa munthu wapansi imakhala ngati yangoima pamalo amodzi. Dishi ikaloza kamodzi, basi, sifunanso kutembenuzidwa.

Ochirikiza ntchitoyi amayamba ndi kuloza mapu. Angola ndi yaikulu kuposa Malawi kakhumi. Nkhondo yapachiweniweni ya 1975 mpaka 2002 inagumula misewu ndi milatho n'kusiya mabomba okwirira m'nthaka, makamaka kum'mawa ndi kum'mwera, cha ku Moxico ndi Cuando Cubango. Kukumba ngalande ya nthambo za intaneti m'madera otere n'kuika moyo pachiswe, ndipo kampani ya mafoni siingamange nsanja yodula potsata midzi yotalikirana ya anthu ochepa. Palinso Cabinda, chigawo chimene kachigamba ka dziko la DRC kanachilekanitsa ndi Angola yense. Kwa setilaiti zonsezi si kanthu: chipatala cha kutchire ndi ofesi ya ku Luanda imaziona chimodzimodzi. Kubwereka malo pa masetilaiti a makampani akunja kumafuna madola chaka ndi chaka, pomwe ndalama ya Angola, kwanza, imagwa mafuta akatsika mtengo. Komanso pa malo oyendetsera setilaitiyi ku Funda, pafupi ndi Luanda, pali mainjiniya a ku Angola komweko amene aphunzira ntchito yomwe kale kunalibe.

Okayikira nawo ali ndi umboni wawo. NigComSat-1 ya Nigeria, yopangidwa ku China, inakwera mu 2007 n'kufa chaka chotsatira magetsi ake adzuwa atawonongeka. Yolowa m'malo mwake inapita mu 2011. Setilaiti ikadwala kumwambako palibe makaniko wokaikonza. Kutalika komweko kumachedwetsa yankho ndi pafupifupi theka la sekondi, moti olankhulana pafoni amalumana mkamwa. Anthu ambiri a ku Angola ali m'mizinda ya kugombe, kumene nthambo za pansi pa nyanja, monga SACS yopita ku Fortaleza ku Brazil kuyambira 2018, zimanyamula zambiri pamtengo wotsika. Ndiye kwabwera Starlink ya ku America, ya masetilaiti oyenda pamtunda wa makilomita pafupifupi 550 okha, imene inafika ku Nigeria, Malawi ndi Zambia mu 2023.

Mfundo yoti dziko liziima palokha ndi yoona mwatheka chabe. N'zomveka kuti boma lisafune kuti mauthenga a asilikali ndi zipatala azidalira kampani imodzi ya ku America. Komatu Angosat anaipanga ndi a ku Russia, anaikweza ndi a ku Russia.

Kumene nkhaniyi idzagamulidwe ndi pansi. Pulogalamu ya Conecta Angola yayamba kufikitsa intaneti m'madera akutali kudzera pa Angosat-2, koma dishi iliyonse imafuna magetsi, woisamalira ndi mtengo woti mphunzitsi wakumudzi angaukwanitse. Setilaitiyi anaipangira zaka 15, kutanthauza kuti cha m'ma 2037 idzakhala itatopa. Popeza kupeza yachiwiriyi kunatenga zaka pafupifupi zisanu, Luanda iyenera kusankha msanga ngati idzagule yachitatu kapena idzabwereke kwa ena.