Lekani kuwagulira agogo dexa wa pagolosale

Abale anga, nyengo yozizira ikafika kuno ku Dedza, maondo a amayi athu amawawa, ndipo ambiri a inu mumathamangira kugolosale kukagula dexamethasone kapena prednisolone. Agogo akamwa, mawa lake akukwera chitunda cha ku Bembeke ngati mtsikana, nkhope yadzadza, inu n'kumati achira mpaka anenepa. Kunenepa kumeneko ndi chizindikiro choti mankhwalawo ayamba kuwononga.

Fupa ndi chinthu chamoyo. Muli maselo ena ogumula fupa lakale, otchedwa osteoclast, ndi ena omanga latsopano, ndipo pa zaka pafupifupi 10 mafupa onse amakhala atasinthidwa. Chimene chimagwira ogumulawo kuti asapyole malire mwa mzimayi ndi homoni ya estrogen. Ofufuza akachotsa mabasiketi a mazira a khoswe wamkazi, ogumulawo amachuluka ndipo mafupa ake amapyapyala. Zomwezo zimachitika mwa mayi amene wasiya kusamba.

Ndiye inu mukuwonjezerapo dexa. Ameneyu ndi homoni yochita kupanga. Amatalikitsa moyo wa maselo ogumula, amapha omanga, komanso amalepheretsa matumbo kutenga calcium bwinobwino. Fupa limatha kwambiri miyezi 3 mpaka 6 yoyambirira. Zili ngati chiswe mu mtanda wa denga: kunja kooneka bwino, tsiku lina agogo aterereka atasenza nkhuni, fupa la m'chiuno thyo! Kenako ndi masabata ambiri ali chigonere, mwendo utamangiriridwa cholemera, kapena ulendo wa ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Ena sadzayendanso.

Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti anthu omwewa tikawauza kuti agogo akajambulidwe X-ray, amakana, ati cheza chimaumitsa mafupa. Kujambula pachifuwa kamodzi kumafanana ndi cheza chimene thupi limalandira mwachilengedwe pa masiku 10 okha. Cheza chimene chimafooketsadi mafupa ndi champhamvu chija chowotchera khansa, monga ya khomo la chiberekero, ndipo kumeneko madokotala amachita kuyeza mlingo chifukwa akupulumutsa moyo. Wapagolosale amayeza chiyani? Amangofunsa kuti "a zingati?"

Mankhwalawa si oipa. Pa mphumu ndi matenda ena amapulumutsa anthu, ndipo ngati anakulemberani kuchipatala, pitirizani. Koma ndi ofunika kulemberedwa, ndipo a PMRA akuyenera kuyendera misika yakumudzi, osangothera m'mafamase a m'tauni.

Ngati agogo amwa kwa masabata opitirira atatu, musawasiyitse lero lomwe, chifukwa thupi limakhala litachepetsa kupanga homoni yakeyake ndipo akhoza kukomoka. Bwerani nawo kuchipatala pamodzi ndi mapepala a mankhwalawo, tidzawachepetsera pang'onopang'ono. Pakali pano aziothera dzuwa, aziyendayenda, ndipo usipa ndi matemba azidya ndi minga yomwe.