Pulani ya desiki si chinsinsi

Kuyambira 2022, pamene CDF inakwera kufika K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse, masukulu akugula madesiki ambiri. Nanga n'chifukwa chiyani kalipentala wa ku Kalingalinga, amene amakhoma mipando m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, azichita kupempha miyeso ngati akupempha mchere? Akangoganizira yekha kutalika kwa desiki, mawa mumuuza kuti walakwitsa, ntchito n'kupita kwa odziwana ndi a mu ofesi.

Ati pulani ikatuluka ena adzaba. Adzaba chiyani? Inalipiridwa ndi msonkho wathu! Ikhomeni pa ofesi ya wadi, mutipatsenso ife a wailesi tiiwerenge: kukhuthala kwa chitsulo, mtundu wa thabwa, zonse. Wa ku Chawama ndi wa ku George apikisane pa luso ndi mtengo.