Za Umoyo M'banja: Mbewa ya Manyazi Inafera Kuuna

Mwezi wathawu tinaika m'manda mayi wina wa mumphakati wathu kuno kwa Nkomeshya. Wasiya ana asanu. Kwa miyezi yambiri ankataya magazi nthawi imene sinali yake, koma sanauze munthu, ngakhale mwamuna wake. Pamene anafika ku chipatala ku Lusaka, matenda anali atazika kale mizu. Pa maliro tinkangonong'onezana kuti anadwala nthawi yaitali, pakuti dzina la matendawo tinkaliopa. Lero tilitchule: khansa ya khomo la chiberekero.

Matendawa sabwera ndi ufiti ayi. Amayamba ndi kachilombo kotchedwa HPV, kamene kamafala mwamuna ndi mkazi akakhala malo amodzi. Dokotala wa ku Germany, Harald zur Hausen, ndiye anatulukira zimenezi, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 2008. Kachilomboka kangathe kubisala m'thupi zaka 15 kapena 20 khansa isanaoneke. Amayi amene ali ndi HIV ndiwo ali pa ngozi yoposa.

Nkhani yokondweretsa ndi yakuti katemera alipo. Boma lathu la Chongwe, pamodzi ndi Lusaka ndi Kafue, ndilo linayamba kumulandira mu 2013. Mu 2019 anafika m'dziko lonse kwa atsikana a zaka 14, ndipo mu 2023 anaitana onse a zaka 9 mpaka 14.

Kodi akatswiri apeza zotani? Ku Kenya anafufuza pakati pa atsikana oposa 2,000, ndipo mu 2022 analengeza kuti jekeseni imodzi yokha inateteza pa mlingo woposa 97 peresenti ku mitundu iwiri ya kachilombo, 16 ndi 18, imene imayambitsa khansa zambiri zotere. Chaka chomwecho bungwe la WHO linavomereza jekeseni imodzi, kupatula kwa amene ali ndi HIV, amene ayenera kubwereza. Ku Scotland nako, mu 2024, anapeza kuti mwa amayi amene analandira katemera ali ndi zaka 12 kapena 13, panalibe ndi mmodzi yemwe wodwala khansayi.

Komabe timamva makolo ena akunena kuti katemerayu amatseka chiberekero. Ofufuza alondola atsikana ochuluka kwa zaka zambiri ndipo sanapeze zotero. Chimene chimalandadi mayi chiberekero, ndiponso moyo, ndi khansa imeneyi.

Ena amati kupereka katemera nkulola mwana kuchita zadama. Abale athu, tiganize bwino. Jekeseni sichotsa lamulo lachisanu ndi chimodzi. Kuphunzitsa mwana kudzisunga ikadali ntchito yathu ndi ya alangizi. Koma mwana wodzisunga, wokwatiwa m'tchalitchi, angathe kutenga kachilombo kwa mwamuna amene anakatenga kalekale osadziwa. Katemera amaperekedwa ali wamng'ono chifukwa amagwira bwino thupi lisanakumane ndi kachilomboko. M'mera mpoyamba. Lamulo lachisanu limene limatiletsa kupha limatilamulanso kusamala moyo umene Mulungu anatisungitsa.

Nanga inu amayi akuluakulu? Katemera sachiza kachilombo kamene kalowa kale. Inu chanu ndi kukapimitsa. Kuyambira mu 2006 anamwino m'Zambia muno amapima khomo la chiberekero ndi viniga: malo odwala amasanduka oyera, ndipo kawirikawiri amawachiza tsiku lomwelo asanasanduke khansa. Ntchitoyi imatenga mphindi zowerengeka chabe.

Inunso abambo, musakhale chete ngati kuti nkhaniyi ndi ya amayi okha. Perekezani akazi anu, ndipo fomu ya katemera ikabwera kuchokera kusukulu, musaibweze.

Akatswiri achita mbali yao. Yatsala ndi yathu. Pa msonkhano wa mphakati sabata ino, tikatha kumva Mau a Mulungu, tifunsane mosabisa: ndani mwa ana athu aakazi sanalandire katemera, ndipo ndani mwa amayi sanapimitse? Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ana asanu aja akutiyang'ana.